Kutsekula M'mimba kwa Ana a Nkhumba: Kabuku ka Oweta Pakhomo

Nkhumba imakhala ndi bere masiku 114, ndiye kuti miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Nthawi yonseyi mwakhala mukuigulira madeya, kuitungira madzi ndi kuisesera khola. Phindu la thukuta limeneli mudzaliwerengera pa ana amene adzafike posiya kuyamwa ali moyo ndiponso onenepa. Pakati pa tsiku lobadwa ndi tsiku limenelo, ana ambiri amatha m'njira ziwiri: kugoneredwa ndi make, ndi kutsekula m'mimba. Kabuku kano kakunena za kutsekulaku.

Oweta ambiri akangoona ndowe zamadzi m'khola amathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto kukagula jakisoni. Ilipo nthawi imene jakisoni amafunikadi, ndipo tiifika. Koma kawirikawiri vuto limakhala litayambira pa zinthu zimene botolo la mankhwala silingakonze: mwana anachedwa kuyamwa, anazizidwa usiku, amagona ponyowa, kapena anamusiyitsa bere mwadzidzidzi. Zonsezi zimakathera malo amodzi, m'matumbo, ndiye tiyambire komweko.

Zimene zimakhala m'matumbo

Mwana wa nkhumba akakhala m'mimba mwa make, matumbo ake amakhala opanda tizilombo. Akangobadwa amayamba kumeza mabakiteriya: a m'njira yobadwira, a pamawere, a m'ndowe za make, a pansi pa khola. Tsiku lisanathe amakhala atadzaza m'matumbo monse. Palibe amene angaletse zimenezi, ndipo si zodandaulitsa, chifukwa nkhumba iliyonse yathanzi imayenda ndi mabakiteriya osawerengeka m'mimba moyo wake wonse. Nkhani yagona pa mtundu wa mabakiteriya amene ayamba kufika n'kukhazikika.

Alipo a mtundu wa Lactobacillus, a banja limodzi ndi aja amene amasasitsa mkaka kuti ukhale chambiko. Amenewa amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi. Chifu cha mwana wa masiku ochepa sichinayambe kupanga asidi wokwanira pachokha, choncho chimadalira asidi wa mabakiteriyawa, ndipo tizilombo toyambitsa matenda sitikula bwino pamalo owawasa. Mabakiteriya abwinowa amamatiriranso kukhoma la matumbo, kotero kuti oipa akamafika amapeza malo ndi chakudya zitatengedwa kale.

Ndiye pali E. coli. Ameneyu amapezeka m'matumbo a nkhumba iliyonse, ndipo mitundu yake yambiri sivutitsa. Koma ilipo mitundu ina yokhala ndi timinga tokolera kukhoma la matumbo aang'ono. Ikakola imatulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kuthira madzi ndi mchere m'kati m'malo moyamwa. N'chifukwa chake kankhumba kotsekula kamafota msanga chotere: maso amalowa, mafupa a msana amaonekera, khungu limauma. Chimene chimakapha ndi kutha madzi m'thupi. Kobadwa kumene kamalemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka basi, kalibe madzi oti kataye tsiku lonse.

Khoma la matumbo aang'ono lili ndi timinofu tosongoka tambirimbiri, ndipo chakudya chimalowa m'magazi kudzera m'timinofu timeneti. Matenda ena amadya timinofuti, komanso timafupika mwana akakhala tsiku lathunthu osadya. Tikawonongeka, mwana amadya koma chakudya chimangodutsa. Apa ndi pamene pamachokera ana opinimbira aja, amene anachira koma n'kumatsalira anzawo mpaka tsiku logulitsa, chikhalirecho akudya madeya ofanana.

Mkaka woyamba

Mwana wa munthu amalandira chitetezo china kwa mayi ake akadali m'mimba. Wa nkhumba salandira. Amabadwa wopanda chitetezo, ndipo chonse chimene ati akhale nacho m'masabata oyamba chili mu mkaka woyamba uja, wachikasu, wolimbirapo. Pa tsiku loyamba matumbo a mwana amalola chitetezo cha mumkakamo kulowa m'magazi chathunthu. Pakatha maola pafupifupi 24 salolanso. Mkakawo nawo umayamba kuchepa mphamvu pakangopita maola owerengeka. Maola 6 oyamba ndiwo ofunika kopambana, ndipo mwana aliyense amafunika magalamu osachepera 200 a mkakawu tsiku lisanathe.

Chotero nkhumba ikayamba kusonkhanitsa udzu, mawere n'kumatuluka mkaka mukafinya, musapite kutali, nthawi yakwana. Zambiri zimabereka usiku, ndiye tochi ikhale pafupi. Mwana akatuluka mupukuteni ndi chiguduli choyera chouma, chotsani zomata kumphuno ndi kukamwa, thirani ayodini pamchombo, kenako muikeni pabere. Amphamvu amadzipezera okha. Maso anu akhale pa aang'ono ndi obadwa kumapeto. Ngati abadwa ambiri, tengani akuluakulu amene akhuta kale, muwaike m'dengu lofunda kwa ola limodzi, kuti ofookawo ayamwe popanda wowakankha. Amene akulephereratu kuyamwa, mukamireni mkakawo m'kapu yoyera n'kumumwetsa pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano.

Mkaka wa masiku otsatira nawonso uli ndi chitetezo china chimene sichilowa m'magazi, chimangokhala m'matumbo momwemo n'kumaletsa mabakiteriya oipa kukola. Mwana amayamwa pafupifupi ola lililonse, ndiye chitetezocho chimafikanso ola lililonse. Make akadwala mkaka n'kuchepa, ana amayamba kutsekula. Mukaona ana akutsekula m'masiku oyamba, yambani mwayang'ana make. Kodi akudya? Thupi latentha? Mawere alimba? Akugonera mawere, kukana kuyamwitsa? Nanga madzi ali nawo? Nkhumba yoyamwitsa imamwa malita 20 kapena kuposa patsiku, makamaka m'chilimwe. Madzi osakaniza ndi madeya a m'mawa okha sakwana, ndipo mkaka wambiri umatayikira pamenepa mwini wake osadziwa.

Ana a nkhumba yobereka koyamba ndi amene amatsekula kawirikawiri, chifukwa make sanakumane ndi matenda ambiri, mkaka wake uli ndi chitetezo chochepa. Alipo katemera wa E. coli ndi Clostridium wobaya nkhumba bere likamayandikira kumapeto, kuti chitetezo chidzere mumkaka. Ngati khola lanu limataya ana sabata yoyamba chaka ndi chaka, funsani alangizi a ziweto za katemerayu.

Pofunda ndi pouma

Mwana wobadwa kumene amafuna kutentha kwa madigiri 30 mpaka 32, pamene make amamva bwino pa madigiri 20 kapena kucheperapo. Mwanayo ubweya ndi wochepa, mafuta alibe. Usiku wa Juni ndi Julaye ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzimba, kapena chiperoni chikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, simenti ya khola imamulanda kutentha konse. Wozizidwa sayamwa mokwanira, matumbo ake amayenda mwaulesi, ndipo E. coli amapeza mpata woswana. Amakakamiranso kugona m'mphepete mwa make, kumene amakagoneredwa.

Akonzereni kachipinda kawo pakona ya khola: bokosi lamatabwa kapena kampanda ka njerwa kokhala ndi denga, kakhomo kongokwana ana, m'kati mutadzaza udzu wouma. Mbali yochokera mwera muitchinge ndi masaka. Ana akagona motambasuka ndiye kuti kwafunda bwino. Akaunjikana wina pamwamba pa mnzake n'kumanjenjemera, akuzizidwa. Amene amaika mbaula asamale kwambiri, udzu suchedwa kuyaka, ndipo mpweya wa makala m'malo otsekeka umapha. Udzu ukanyowa uchotseni tsiku lomwelo. Pansi pakhale potsetsereka pang'ono kuti mkodzo uzituluka, ndipo chomwera chitalikirane ndi pogona.

Khola loberekera likonzedwe nkhumba isanalowe. Palani ndowe zonse, tsukani ndi sopo, thirani madzi owira m'ming'alu, pakani laimu pansi ndi m'makoma, kenako lisiyeni liume kwa sabata, poti laimu wosauma amawotcha khungu. Mankhwala opha tizilombo mukawathira pamwamba pa ndowe amangotayika. Ndowe zichoke kaye. Nkhumbayo ipatseni mankhwala a njoka zam'mimba kutatsala sabata imodzi kapena masabata awiri kuti ibereke, muisambitse mimba ndi mawere, ndiye ilowe.

Pa tsiku lachitatu pali jakisoni amene sayenera kuphonyedwa, wa ayironi. Mwana amafuna mamiligalamu pafupifupi 7 a ayironi patsiku, koma mkaka umangomupatsa 1. Wa m'khola la simenti, amene safukula dothi, amachepa magazi pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, khungu limatuwa, ndipo wochepa magazi satha kulimbana ndi matenda a m'mimba. Mamiligalamu 200 kamodzi amakwanira. Kumene jakisoniyu sapezeka, aikireni dothi lofiira la katondo lokumba pamalo pamene nkhumba sizifika.

Werengani masiku, yang'anani ndowe

Kutsekula konse si kumodzi. Msinkhu wa mwana ndi maonekedwe a ndowe zimanena zambiri, ndipo ndi zimene dokotala wa ziweto adzayambe kufunsa.

Masiku 4 oyamba, ndowe zamadzi zachikasu kapena zoyererako, kumbuyo konyowa, ana onse a nkhumba imodzi pamodzi: kawirikawiri ameneyo ndi E. coli. Sabata yoyamba yomweyo, ndowe za magazi, ana n'kumafa pa maola ochepa, ena osaonetsa n'komwe kudwala: ganizirani Clostridium perfringens. Ameneyu amawoletsa khoma la matumbo, ndipo zizindikiro zikaoneka mankhwala sathandiza kwenikweni. Chothandiza ndi katemera wa make ndi ukhondo wa khola.

Pakati pa masiku 7 ndi 14, ndowe zaphalaphala zachikasu kapena zotuwa, ana akuyamwabe koma ubweya wanyankhalala, sakukula, mwabaya jakisoni wa antibayotiki koma palibe chasintha: apa nthawi zambiri ndi koksidiya. Ameneyu si bakiteriya, n'chifukwa chake jakisoni uja sanamukhudze. Mazira ake amatuluka m'ndowe n'kukhwimira pansi pofunda ndi ponyowa pa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye amavuta kwambiri m'nyengo ya mvula. Mankhwala ake ndi toltrazuril, womwetsa kamodzi mwana ali ndi masiku 3 mpaka 5, matenda asanayambe. Palinso mavairasi, monga rotavirus, amene amatsekulitsa ana oyamwa, nthawi zina mpaka kusanza. Vairasi samva maantibayotiki.

Zokulirapo, za miyezi iwiri kupita m'tsogolo, zikamatuluka ndowe zonanda zosakanikirana ndi magazi, ungakhale kamwazi wa nkhumba kapena njoka zam'mimba. Zikatsekula thupi litatentha, kumbukirani Salmonella, amene amadza ndi ndowe za makoswe ndi zitosi za mbalame zogwera m'chakudya.

Sungani kakope pakhola. Lembani tsiku lobereka, tsiku limene kutsekula kunayamba, mtundu wa ndowe, mankhwala amene munapereka ndi amene anafa. Nkhumba ikabereka kawiri katatu, kakopeko kadzakuonetsani sabata imene khola lanu limatayira ana.

Sabata yosiyitsa kuyamwa

Nkhumba ikasiyidwa yokha imaletsa ana ake pang'onopang'ono, mpaka miyezi itatu kapena inayi. Ife timachita tsiku limodzi. Taganizani zimene zimamugwera mwana tsiku limenelo. Chitetezo cha mumkaka chija chaleka. Shuga wa mumkaka amene Lactobacillus amadya watha, ndiye asidi m'chifu wachepa. Make palibe, mwinanso khola ndi lachilendo, muli anzake achilendo oti alimbane nawo. Ambiri amakhala tsiku limodzi kapena awiri osadya, timinofu tija n'kufupika. Njala ikawapweteka amadya mophangira, chakudya chambiri n'kudutsa chosagayika, makamaka zomanga thupi, n'kukakhala chakudya cha E. coli. Pakati pa masiku 3 ndi 10 chisiyireni kuyamwa, ndowe zamadzi zotuwa zimayamba.

E. coli wina wa nthawi yomweyi satsekulitsa kwenikweni, koma poizoni wake amalowa m'magazi. Zikope zimatupa, mwana amayenda dzandidzandi, mawu amasasa, kapena mumangomupeza atafa m'mawa. Chopweteka n'chakuti nthendayi imakonda ana onenepa, odya kwambiri, amene munkawadalira.

Ntchito yopewa zonsezi imayamba mwana akuyamwabe. Ana akakwana masiku 10 yambani kuwaikira chakudya m'kachipinda kawo kaja, kumene make safika. Kadzanja kamodzi kokha pambale yosazama, chotsala muzichotsa tsiku lililonse. Poyamba amangoseweretsa. Zilibe kanthu. Matumbo akuphunzira kugaya chimanga ndi soya chitetezo cha mkaka chikadalipo, ndipo mabakiteriya ogaya zakudya zimenezi ayamba kuchuluka.

Musathamangire kusiyitsa. Mafamu akuluakulu amasiyitsa pa masabata 3 kapena 4 chifukwa ali ndi chakudya chapadera chokhala ndi mkaka waufa ndiponso zipinda zofunda. Pakhomo pamene chakudya ndi cha kumunda ndi kuchigayo, dikirani masabata 6 mpaka 8, ndipo muone ndi maso anu kuti mwana aliyense akudya yekha. Ogula ana a nkhumba nawonso amve: kankhumba ka mwezi umodzi kotchipa pamsika kamadzadula kakafika kunyumba.

Tsiku losiyitsa chotsani make, ana atsale m'khola lomwe analizolowera, ndi udzu wambiri, poti tsopano alibe thupi la make lowafunditsa. Sabata imeneyo musawasakanize ndi ana a nkhumba ina, musawathene, musawasamutse. Chakudya chikhale chomwe chija amadya akuyamwa, pang'onopang'ono kanayi patsiku, m'chodyera chachitali choti onse adyere limodzi. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku 5 mpaka 7. Madzi asasowe usana ndi usiku, ndipo akhale madzi amene inunso mungamwe.

Za chakudya chenichenicho. Madeya okhaokha sangalere mwana wosiya kuyamwa: makoko achuluka, zomanga thupi zachepa. Muyeso wothandiza, poyeza pasikelo, ndi magawo 7 a mgaiwa, 2 a soya wokazinga n'kugayitsa, ndi gawo 1 la ufa wa usipa kapena nsomba zina zouma, kuwonjezerapo kamchere pang'ono ndi mavitamini a nkhumba osakaniza kale ngati alipo. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zoletsa matumbo kugaya zomanga thupi, ndipo amatsekulitsa. Mukazingeni mpaka afiirire m'kati, fungo lauwisi lithe, koma asapserere. Masese ndi a nkhumba zazikulu.

Ndipo chonde, chimanga chowola ndi mtedza wachuku si chakudya cha nkhumba. Chizolowezi chosankhira anthu chabwino, chowola n'kuponyera m'khola, chimawononga ziweto zambiri mwakachetechete. Poizoni wa chuku, aflatoxin, amawononga chiwindi ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Mungathe kuthandiza mabakiteriya abwino posasitsa chakudya. Thirani gawo limodzi la mgaiwa kapena madeya ndi magawo awiri kapena atatu a madzi oyera m'ndowa yapulasitiki yotsuka bwino, vundikirani, muzitakasa kawiri patsiku, ufa usaonekere pamwamba pa madzi. Pakatha masiku atatu, m'nyengo yozizira mwina anayi kapena asanu, chimakhala chitawawasa, fungo lake labwino. Soya ndi usipa muziwonjezera pa nthawi yodyetsa, zisalowe m'ndowamo. Siyani kangachepe pansi kuti kasasitse chotsatira. Chenjezo lake ndi ili: pa tsiku loyamba, asidi asanachuluke, mabakiteriya oipa ndi amene amaswana m'ndowamo, ndiye chonyika dzulo n'choopsa kuposa chouma. Chikanunkha kuwola kapena kumera chuku, tayani, tsukani ndowa, yambaninso.

Akayamba kutsekula, madzi choyamba

Pali chikhulupiriro chakuti wotsekula umumane madzi kuti m'mimba muume. Chimenecho chimapha. Mwanayo akufa kale ndi kutha madzi.

Sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Ngati palibe, mu lita imodzi thirani masupuni a tiyi 6 a gulukosi, osalaza pamwamba, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Ana osakwana masabata awiri musawapatse shuga wothira mu tiyi, chifukwa matumbo awo sanayambe kumugaya ndipo amangowonjezera kutsekula. Kwa osiya kuyamwa shugayo alibe vuto. Ikani m'mbale yosazama, muzisintha kawiri patsiku. Wofooka mumwetseni ndi sirinji m'mbali mwa kamwa, mamililita 10 mpaka 20 nthawi imodzi, maola awiri kapena atatu alionse, kuti patsiku akwane mamililita pafupifupi 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wozizira thupi amene sakutha kumeza mufunditseni kaye, mungamutsamwitse. Oyamwa apitirize kuyamwa. Osiya kuyamwa achepetsereni chakudya kwa tsiku limodzi kapena awiri, makamaka soya ndi usipa, koma asagone ndi njala.

Nthenda isatuluke m'khola limenelo. Yambani kusamalira zathanzi, zodwala kumapeto. Tsache, fosholo ndi jombo za khola la odwala zikhale zakezake.

Nanga jakisoni?

Itanani alangizi a ziweto a ku EPA yanu kapena dokotala wa ziweto tsiku lomwelo ngati ana a masiku ochepa akutsekula onse, ngati m'ndowe muli magazi, ngati thupi latentha kuposa madigiri 40, ngati wina wafa, kapena ngati tsiku ladutsa mukumwetsa madzi popanda kusintha. Maantibayotiki amapulumutsa pa E. coli ndi Salmonella akakhala oyenera nthendayo, muyeso ukalingana ndi kulemera kwa mwana, ndipo akaperekedwa masiku onse amene alembedwa. Vuto likamabwerezabwereza, pemphani kuti ndowe, kapena mwana wodwala amene sanalandire mankhwala, zikayezedwe, monga ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, kuti padziwike kachilombo kake ndi mankhwala amene kamamva.

Chimene kabuku kano kakukana ndi kubaya mwachizolowezi, kuthira ufa wa oxytetracycline m'madzi ati kuti ana asadwale, ndi kutsegula makapisozi a kuchipatala n'kuwazira m'madeya. Antibayotiki sasankha. Amapha ndi Lactobacillus yemwe, m'matumbo n'kutsala pululu, ndipo opulumuka amakhala mabakiteriya osamva mankhwala. Amenewo amatuluka m'ndowe, n'kulowa m'dimba, m'chitsime, m'manja mwa wosesa khola. Mu 2015 akatswiri ku China anapeza mwa E. coli wa nkhumba mphamvu yokana colistin, mankhwala amene madokotala amasungira odwala amene ena onse awakanika, ndipo anaona kuti mabakiteriya amatha kupatsirana mphamvuyo. Mayiko a European Union analetsa kuika maantibayotiki m'chakudya pofuna kukulitsa ziweto kuyambira mu 2006, ndipo nkhumba akuwetabe zambirimbiri.

Nkhumba imene yalandira mankhwala isaphedwe kapena kugulitsidwa masiku olembedwa pabotolo asanathe.

Pamene si kutsekula wamba

Ngati zikudwala ndi zazikulu zomwe, thupi kutentha kwambiri, kusiya kudya, makutu, mimba ndi miyendo kufiira kapena kuderako, zina kutuluka magazi m'ndowe, n'kumafa motsatizana pa masiku ochepa, chimenecho chingakhale chigodola. Ndi vairasi, alibe mankhwala, ndipo katemera wake kuno kulibe. Musabaye kanthu, musaphe kuti mugulitse nyama, musasamutse nkhumba kukabisa kwa achibale. Dziwitsani a zaulimi nthawi yomweyo. Vairasi wa chigodola amakhala miyezi mu nyama ya nkhumba, ngakhale yowamba kapena ya m'firiji, amayenda pa nsapato ndi pa mipeni ya ogula nkhumba, komanso amabisala mwa nkhufi za m'ming'alu ya makola akale. Zotsala za kumalo odyera n'zoopsa chifukwa cha iyeyu ndi Salmonella. Ngati mukudyetsa zimenezo, ziwire kwa mphindi 30 mukutakasa, ndipo zokhala ndi nyama ya nkhumba zisafike n'komwe kukhola. Nkhumba yogula kumene ikhale payokha masiku 30 isanasakanizidwe ndi zinzake.

Kankhumba kakafa, kakwirireni m'dzenje lakuya, muthire laimu, agalu asafukule. Nyama yake si ndiwo. Salmonella ndi mitundu ina ya E. coli zimagwira anthu, makamaka ana ang'onoang'ono. Aliyense wochokera kukhola asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena mwana, ndipo madzi otsukira khola asamayenderere kuchitsime.